Khutu Lamanzere la Mbuzi

Amuna anga, Ba Abson, amakhulupirira kuti palibe vuto padziko lino limene silingathe ndi nyama yootcha. Anthu akakangana za malire a munda, iwo amati tiotche. Mwana akalephera mayeso, tiotche. Tsiku limene ng'ombe yathu inagwera m'dzenje loumbira njerwa, tisanaitulutse n'komwe, iwo anali atayamba kale kufunsa ngati m'nyumba muli mchere wokwanira. Ng'ombeyo inatuluka yamoyo, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti anakhumudwa pang'ono.

Ali ndi mgolo wachitsulo umene anaudula pakati n'kuuimika pa miyendo inayi yosalingana. Mwendo umodzi amauchirikiza ndi njerwa. Pamwamba pake amayalapo waya amene anachotsa m'filiji yakufa. Mgolo umenewu amaupukuta, kuudzoza mafuta, kuufunditsa saka, pamene denga la khola likudontha chaka chachitatu tsopano. Ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma kunena zoona, pena maso amatopa.

Tinabwera kuno kufupi ndi Palabana kuchokera ku Katete mwana wathu woyamba, Maureen, ali kumsana. Iwo ankayendetsa minibasi ya ku Lusaka mpaka maso anayamba kuwavuta. Magalasi amakana, amati ndi a aphunzitsi. Chimene chimatidyetsa panopa ndi ng'ombe zanga ziwiri zamkaka ndi kadimba ka repu ndi tomato, ndipo zonsezi zimafuna madzi. Chitsime chathu chimauma mu Seputembala chaka ndi chaka. Kwa nthawi yaitali ife ndi mabanja ena asanu ndi atatu a mumzere wathu tinkatunga pa mjigo wa Ba Aloysius, kuseri kwa mpanda wathu.

Ba Aloysius anali kalipentala wa pamishoni, ndipo mjigowo anawakumbitsira ndi mwana wawo wa ku Kitwe. Ndi munthu wa mawu ochepa, woti ngakhale moni wake umachita kuudikira. Amene ankalankhula m'malo mwawo anali akazi awo, Ba Josephine, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Ba Josephine anamwalira mu Novembala chaka chatha. Anasiya mitengo inayi ya malalanje, yofika m'chiuno, imene anaidzala pafupi ndi mjigo kuti izimwa madzi otayikira.

Mu Ogasiti mbuzi zathu zinaboola mpanda n'kudya masamba a malalanjewo ndi makungwa omwe, kungosiya timitengo toyera ngati miswachi. Ba Aloysius anabwera kudzadandaula, chipewa chili m'manja. Ine ndinali kokama, koma ndinamva bwinobwino yankho la amuna anga.

"Ni mitengo chabe, Ba Aloysius. Tizagula ina pa msika ku Chongwe."

Kutacha, mkono wa mjigo unali utamangidwa ndi tcheni, ndipo pa tchenipo panali loko wamkulu ngati chibakera. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Mabanja asanu ndi anayi tinakhala opanda madzi chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi, amene ndimagona naye nyumba imodzi.

Pofika Okutobala ndinali nditatheratu. Ndinkamangirira zigubu ziwiri pa njinga n'kuikankha mpaka kumtsinje, ulendo wa ola lathunthu, kasanu patsiku. Ng'ombe imodzi imamwa zigubu zitatu n'kukuyang'ana ngati sunaipatse kanthu. Mkaka unatsika, repu anapserera. Nelesi, amene tinkaimba naye kwaya limodzi, tikakumana panjira ya kumtsinje ankayang'ana tayala la njinga yake ngati pali cholembedwa. Ndinadziwa kuti loko uja akakhalapo mpaka mvula, ndigulitsa ng'ombe imodzi, ndipo ng'ombe ikapita sibweranso.

Ndinawauza Ba Abson kuti apite akapepese. Ndinawauza m'mawa, masana, ndi pa chakudya. Tsiku lina anaika kapu pansi n'kundiyang'ana ngati munthu amene walota mankhwala.

"Amake Maureen, mwamuna sapepesa na kamwa chabe. Tiotche mbuzi. Tiitane bonse."

"Na kamwa ndiye munalakwila," ndinatero. "Na kamwa yomweyo mukapepese."

"Imwe simuziba. Munthu akadya michopo, nyama yootcha bwino, mtima umafewa weka."

Ndinavomera chifukwa nzeru ina ndinalibe. Tinali ndi mbuzi yoyera ya mutu wakuda, yowonda ndithu, koma mbuzi ndi mbuzi. Vuto linali lakuti ndani akawaitane Ba Aloysius. Ntchitoyo anaitenga Ba Bornwell, Mbemba wa ku Kasama amene amakhala kumapeto kwa mzere. Abemba ndi ife a kum'mawa timachitirana chimbuya, ndiye kuti iwo akhoza kutinena chilichonse, ngakhale pamaliro, ife osakwiya. Ba Bornwell amagwiritsa ntchito ufulu umenewu mopanda kusunga wa mawa. Anapita, nabwerako akuseka.

"Nabauza ati mbuya, mukakana nizabwela na wilibala, nikunyamuleni monga thumba ya malasha. Sibanayankhe. Manje pali Ba Aloysius kusayankha ndiye kuvomela."

Loweruka ndinalawirira kukapereka mkaka ndi kukatunga madzi. Pobwerako ndinapeza mbuzi itaphedwa kale, itasendedwa, ikulendewera pa mtengo wa mango. Ba Abson ndi Ba Bornwell anaima chapafupi manja m'chiuno ngati apha njati. Nyamayo inali yonona, mafuta oyera mbee kuzungulira impso.

"Iyi ni iti?" ndinafunsa.

"Ija yoyela ya mutu wakuda. Munali kuinena ati ni yoonda. Onani mweka."

Pamenepo ndiye ndinalakwa ine. Ndikanapita kukhola kukaona. Nyengo ya chilimwe mbuzi za mzere wonse zimayendera limodzi m'minda yokolola, ndipo zina zimagona kulikonse kumene zanunkhiza madeya. Koma ndinali nditatopa ndi ulendo wa kumtsinje, anyezi osasenda, bwalo losasesa. Ndinangoganiza kuti mwina mbuzi imaoneka yonenepa ikavula chikopa.

Utsi wa nyama sufuna kalata. Tinaitana mabanja asanu ndi atatu, koma pofika masana pabwalo panali anthu oti ena sindinawaonepo chibadwire. Wina anaimika njinga kuti afunse njira ya ku Chongwe, njira imene anabadwira, ndipo anakhala mpaka madzulo. Walira mvula walira matope. Komabe palibe wa mumzere wathu anabwera chimanjamanja. Ednah anabweretsa mabenchi a kutchalitchi pa ngolo. Ena tomato, ena tsabola, ena mbatata zoti tikwirire m'phulusa. Nelesi yemwe uja analowa ndi ndowa ya munkoyo, thobwa la kuno, pamutu, madzi ake otunga kumtsinje komweko, naitula pakhomo la khitchini.

"Nipase mpeni, Tryness," anatero. "Anyezi siizijuba yeka."

Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba kwa ine m'milungu isanu ndi umodzi. Ndinamupatsa mpeni, ndipo tinalira limodzi chifukwa cha anyezi.

Ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo amuna anga pa chinthu chimodzi. Munthu amene sangathe kukhoma msomali wowongoka, akaima pa mgolo uja amasanduka wina. Amadikira makala ayere kaye, amadula nyama tizidutswa tofanana, amawaza mchere ali patali, ndipo satembenuza kawiri chimene chifunika kutembenuza kamodzi. Mbale ikadzaza amathirapo anyezi ndi tsabola n'kuitumiza pa benchi, anthu asanu mbale imodzi. Anthu amene sankapatsana moni chifukwa cha nkhuku kapena malire anapezeka akulimbirana nthiti, akuseka. Ine zinkandikwiyitsa kuti nzeru yopusa chonchi ikuoneka ngati ikugwira ntchito.

Ba Aloysius anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Anavala jekete lakuda pa kutentha konse kuja, ndipo ananyamula kampando kawo kopala okha, ngati kunena kuti za pakhomo pathu sakhudza. Anakhala kumapeto kwa mthunzi. Ba Abson anawapititsira chiwindi chokulunga m'mafuta, chimene amasungira mlendo wamkulu. Anadya chonse. Inabwera mbale yachiwiri, anadyanso. Kenako anapukuta zala pa mpango n'kulankhula, anthu onse akumva.

"Iyi mbuzi inasungidwa bwino. Sin'naziwe kuti pano muziwa kusunga mbuzi."

Amuna anga anatupa ngati chule wa m'dambo.

"Ni madeya, Ba Aloysius. Madeya na chikondi."

Nthawi imeneyo ine ndi Nelesi tinali kuseri kwa khitchini tikuwawula mutu wa mbuziyo pa moto wa nkhuni. Kuno mutu wa mbuzi sudyedwa pabwalo. Amaupereka kwa munthu amene mwamuphera mbuziyo kuti apite nawo kwawo, ndipo umapita wathunthu, lilime ndi makutu omwe. Mutu wopanda makutu aliyense amadziwa tanthauzo lake, chifukwa amene amadula makutu ndi akuba, pobisa chizindikiro cha mwini. Pakhomo lililonse pali kadulidwe kake. Zathu timadula nsonga ya khutu lamanja.

Ndinautembenuza mutuwo kuti ndipale mbali inayo. Khutu lamanja linali lathunthu. Khutu lamanzere linali ndi timano tiwiri tating'ono, todulidwa mwaukhondo. Ndinatidziwa msanga timano timeneto, chifukwa tsiku limene Ba Josephine ankatidula ndi sizasi yawo yosokera, amene anagwira miyendo ya kamwana ka mbuziko ndinali ine.

Nelesi anasiya kupala.

"Tryness," anatero chapansipansi, "iyi si yanu."

Ndinadzuka n'kusuzumira kukhola. Mbuzi yathu yoyera ya mutu wakuda inali chilili pamthunzi, nthiti zonse panja, ikutafuna chingwe mosatekeseka.

Ndinawakodola Ba Abson. Anabwera ndi foloko yawo yaitali m'manja, nkhope ikuwala ndi thukuta ndi matamando. Ndinawaonetsa khutu. Analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, analiyandikitsanso. Kenako ndinawalozera kukhola.

"Nanga ija yachokela kuti?" anafunsa.

"Ija ni yanu. Iyi yamene mwadyesa bantu ni ya Ba Aloysius. Ni ya Ba Josephine. Ndiye imozi chabe inasala pa nyumba paja."

"Koma inali mu khola yathu. Yoyela, mutu wakuda."

"Ibwela kuba madeya masiku yonse. Muntu aliyense wamene ali na menso aiziba."

Ba Bornwell, amene samva kunong'ona popanda kubwera, anatulukira ndi fupa m'manja. Ataona khutulo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Ine mukwai n'nagwila chabe miyendo," anatero.

Ba Abson anakanda m'mutu ndi chogwirira cha foloko. Ndinawaona akuganiza, ndipo ndimaopa kwambiri akamaganiza.

"Amake Maureen, mvelani. Fakani iyi mbali pa mulilo maningi, khutu ipsye. Vimachitika. Mdala wafewa kudala, mwamumvela mweka. Lekani achoseko loko, ise tizakamba naye mailo bwino-bwino."

"Zoona wafewa," anathirirapo Ba Bornwell. "Namvela afunsa Ba Ednah ati mutapa kuti manzi masiku yano."

Anabwerera ku mgolo wawo n'kundisiya ndi mutuwo m'manja. Sindinama, ndinauyandikitsa kumoto. Ndinaganiza za ng'ombe yanga, za phiri la kumtsinje, za msana wanga umene unkandidzutsa m'mawa uliwonse tambala asanalire. Kupsereza khutu ndi ntchito ya kamphindi. Nelesi anayang'ana kumbali kuti asakhale mboni.

Koma Ba Aloysius si mwana. Madzulo akanaitana mbuzi yawo, osabwera, n'kuyang'ana mutu wopserera khutu limodzi uli pa tebulo lawo. Akanadziwa kuti tinawadyetsa mbuzi yawo, kenako n'kuwapusitsa anthu akuona. Ndipo ngakhale akanapanda kudziwa, timano tija tinali ntchito ya manja a mnzanga. Ndinali ndi mantha, ndinali ndi mkwiyo woti ndikanatha kuugubuduza mgolo uja mpaka ku Chongwe, koma kuwotcha khutu limenelo ndinalephera.

Ndinatenga beseni langa la maluwa ofiira, limene ndimatulutsa pa Khirisimasi pokha. Ndinaikamo mutuwo, khutu lamanzere kumwamba, osavundikira. Ndinadutsa pakati pa mabenchi, anthu akuombera m'manja poona kuti mwambo ukutsatidwa. Ba Abson anandiona, naona khutu, ndipo foloko inaima m'malere. Ndinagwada patsogolo pa Ba Aloysius.

"Atate, mutu ni uyu. Koma muyang'ane khutu mukalibe kuyamika."

Anatulutsa magalasi m'thumba la jekete, nawavala mosafulumira. Anagwira khutulo ndi zala ziwiri, chala chachikulu chikuyenda pa timano tija. Amene anali pafupi anaona n'kusiya kutafuna, ndipo bata linayenda benchi ndi benchi mpaka kwa munthu wofunsa njira uja. Kunkangomveka mafuta akudontha pa makala.

Amuna anga anabwera, atavula kapusi.

"Ba Aloysius," anayamba, "ni mbuzi..."

Ndinadziwa liwu limene linkabwera pambuyo pake. Linali "chabe," lomwe lija la pa mitengo ya malalanje. Ndinawayang'ana ndili chigwadire, ndipo sindidziwa chimene anaona pankhope yanga, koma analimeza liwulo ngati fupa. Kenako anagwada pafupi ndi ine, pa fumbi, ndi thalauza lawo la kutchalitchi.

"Nalakwa," anatero. "Sin'naone bwino. Na pa mitengo paja n'nalakwa, n'nakamba voipa. Tengani mbuzi yathu, tengani zibili."

Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kanali koyamba kumva mawu amenewo akutuluka pakamwa pawo. Ndipo anawanena kwa munthu wina, osati kwa ine, koma zimenezo tidzakambirana tsiku lina.

Ba Aloysius sanawayang'ane. Anakweza mutu n'kuyang'ana anthu, mmodzi mmodzi, milomo yawo yonyezimira mafuta.

"Mwadya nonse?" anafunsa.

Ednah anabisa fupa kuseri kwa chitenje.

"Nifunsa. Alipo amene sanadye?"

"Kulibe, mbuya," anatero Ba Bornwell, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula opanda nthabwala. "Tadya bonse. Na imwe mwadya."

Ba Aloysius anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Josephine anakamba ali m'chipatala, ati ija mbuzi musagulitse. Ikakwana chaka ine nitapita, muphe, anthu adye. Chaka ikwana mwezi wa mawa." Anavula magalasi n'kuwapinda. "Nenze kuiyang'ana masiku onse. Nenze kuganiza kuti nizadya na ndani."

Anaimirira, nanyamula beseni lija ndi manja awiri, n'kutuluka pa geti osatsazika. Kampando kawo anakasiya pomwepo.

Ndinaganiza kuti anthu abalalika, koma palibe anasuntha. Nyama inali ikadali pa waya, ikuyamba kupserera. Ba Bornwell ndiwo anatola foloko pansi n'kuwabwezera amuna anga m'manja.

"Pindamulani, mbuya. Mbuzi ya Ba Josephine siingapsye ise tili kuyang'ana."

Tinadya yotsalayo mosiyana ndi poyamba. Ednah anakumbutsa mmene Ba Josephine ankagawira mbewu za maungu m'timapepala, n'kubwera kudzayendera ngati wadzaladi. Wina anati anamuphunzitsa kusoka yunifolomu ya mwana usiku umodzi sukulu isanatsegulidwe. Nelesi anasimba tsiku limene anakalipira wansembe chifukwa chotalikitsa ulaliki ana ali ndi njala, ndipo tinaseka mpaka misozi, kenako inangokhala misozi. Chimwalirireni, aka kanali koyamba kuti tikhale pansi pamodzi n'kumutchula dzina. Tinali titamuika m'manda, aliyense n'kubwerera ku mavuto ake, mwamuna wake n'kumusiya yekha ndi mbuzi ndi mitengo inayi. Ine amene ndinkadzitcha mnzake ndinkapita kumjigo kuja tsiku lililonse, koma sindinalowepo m'nyumbamo ndi mbale ya ndiwo ngakhale kamodzi. Zinandichititsa manyazi kuposa za mbuzi.

Dzuwa lisanalowe Nelesi anadzaza mbale ndi nthiti ndi mbatata n'kupita nayo kwa Ba Aloysius. Anabwerako msanga. Anati anawapeza atakhala pakhonde, beseni lili pamiyendo. Mbaleyo anaisiya pa sitepe.

Anthu atapita ndinatsala ndi mafupa, mbale za mafuta, ndi chigubu chimodzi cha madzi. Ba Abson anayesa kundithandiza kusesa, n'kumangosuntha zinyalala kuchoka uku kupita uko. Mumtima ndinali nditasankha kale ng'ombe yogulitsa, ndi woigula, munthu wa ku Silverest amene anaifunsapo kawiri.

Lamulungu m'mawa ndinali kumangirira zigubu pa njinga pamene geti linalira. Anali Ba Aloysius, atavala za kutchalitchi, beseni langa lili m'manja lovundikira ndi nyuzipepala.

"Nabwelela mpando wanga," anatero.

Ndinathamanga kukawatengera. Anandipatsa beseni, nalandira kampando, nakapukuta ndi mpango ngati takadetsa. Kenako anayang'ana kukhola, kumene mbuzi yathu inali kudya chingwe china.

"Ija ndiye munafuna kuniphela?"

"Ndiye iyo, atate."

"Mwenze kufuna kunipepesa na mafupa." Anapukusa mutu. "Yambani kuipasa madeya. Misa ya Josephine ili pa Loweruka lachitatu mu Novembala. Mukabwele nayo, na mgolo uja. Anthu aja onse mukawauze, na uja wosowa njila." Anatembenuka kuti azipita, naimanso. "Amuna anu agule magalasi."

Atapita ndinachotsa nyuzipepala. Beseni langa la pa Khirisimasi linali losatsuka, mafuta atagwirana pansi pake, ndi tiubweya towawuka m'mbali. Ndinatsala pang'ono kudandaula mokweza kuti amuna onse ndi amodzi. Pakati pa mafutawo panali loko uja, wotsekula, kiyi ali momwemo.

Ndinakhala pansi pa sitepe. Sindinamve kuti Ba Abson aima kumbuyo kwanga, akusuzumira m'beseni, maso atatsinzinira kuti aone bwino.

"Mwaona, amake Maureen?" anatero. "N'nakuuzani ine. Tiotche."

Mawu ndinali nawo ambiri, okwanira mpaka Khirisimasi. M'malo mwake ndinamasula zigubu pa njinga, ndinatenga ndowa ziwiri, imodzi n'kuwapatsa iwo. Tinapeza Nelesi ndi Ednah atafika kale pamjigo, tcheni litakolekedwa pa mpanda, akudikira kuti wina ayambe. Ndinawauza amuna anga kuti apope. Anapopa, mjigo unakhosomola kangapo, madzi anabwera.

Ng'ombe zinali kulira kukhola, koma ndinazisiya zidikire pang'ono. Pa timitengo tinayi ta malalanje tija, tiwiri tinali titauma, tiwiri tinali titatulutsa timasamba pansi penipeni. Ndowa yoyamba ndinawasenzetsa Ba Abson, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anathira yonse, pang'onopang'ono, mmene Ba Josephine ankathirira.